Makatuni a m'nyuzipepala ku Clermont, Durban

Makatuni a m'nyuzipepala ndi nthano zifupizifupi zojambula pamanja, zimene zimatuluka tsiku ndi tsiku kapena kamodzi pa sabata, pa tsamba lomwelomwelo ndiponso ndi anthu omwewomwewo. Nthano imodzi imakhala m'timabokosi titatu kapena tinayi tondondozana, mawu a wolankhula atakutidwa m'kabaluni pamwamba pa mutu wake. Amasiyana ndi katuni ya ndale, ija imakhala m'bokosi limodzi pafupi ndi ndemanga ya mkonzi n'kumadzudzula nduna kapena pulezidenti, ngakhale kuti ku South Africa mitundu iwiriyi imalowerana kwambiri. Ku Clermont, tawuni ya anthu akuda yomwe ili kumadzulo kwa Durban, makatuni akhala akuwerengedwa m'Chingerezi ndi m'Chizulu. Kwa zaka zambiri anthu akumeneko ankaseka nthabwala za anthu akutali, ndipo panatenga nthawi kuti munthu wofanana nawo, wolankhula ngati iwo, alowe m'kabokosiko.

Malo ndi owerenga ake

Clermont ili pamtunda wosakwana makilomita 20 kuchokera pakati pa mzinda wa Durban, moyandikana ndi New Germany, KwaDabeka ndi Westville, ndipo ili pansi pa khonsolo ya eThekwini. Inakhazikitsidwa mu 1931 pamalo amene kale anali a mishoni ya Berlin ya Christianenburg. Chomwe chinaisiyanitsa ndi matawuni ena a anthu akuda n'chakuti kumeneko munthu wakuda ankatha kugula puloti n'kukhala ndi chikalata cha umwini, chinthu chosowa zedi m'dziko limene lamulo la malo la 1913 linasiyira anthu akuda kachigawo kochepa. Motero kunakhazikika aphunzitsi, makalaliki, abusa ndi amalonda, anthu ozolowera kugula nyuzipepala. Eni mapuloti anamanganso zipinda za lendi kuseri kwa nyumba zawo, ndipo m'zipindamo munadzaza antchito a m'mafakitale a nsalu a kampani ya Frame ku New Germany, omwe analowa nawo sitalaka yaikulu ya ku Durban kumayambiriro kwa 1973. Loya Archie Gumede, mmodzi mwa atsogoleri atatu a United Democratic Front pomwe inkakhazikitsidwa mu 1983, ankakhala ku Clermont. Kalembera wa 2011 anapeza kuti tawuniyi ili ndi anthu oposa 50,000.

Anthu ambiri a kumeneko amagwira ntchito kunja kwa tawuni. Amalawira m'mamawa kukakwera minibasi zopita ku Pinetown, ku Westville kapena ku Durban, ndipo m'zaka zimene nyuzipepala inali pachimake, inkagulidwa pasiteji pomwepo n'kumawerengedwa m'njira. Nyuzipepala imodzi sinkathera m'manja mwa mwini wake. Woyandikana naye pampando ankasuzumira, kuntchito anzake ankabwereka masamba a mpira, madzulo inkafika kunyumba ili makwinyamakwinya, ana n'kuyamba kufunafuna tsamba la zojambula. Ana ambiri anayamba kukonda kuwerenga chifukwa cha tsamba limeneli, popeza ndi lokhalo limene linkawalola kumva nkhani asanadziwe mawu onse.

Kumene makatuni otere anachokera

Anayambira ku America, pa mpikisano wa manyuzipepala a ku New York. The Yellow Kid ya Richard F. Outcault inkatuluka mu New York World kuyambira 1895, The Katzenjammer Kids ya Rudolph Dirks inatsatira mu 1897, ndipo mu 1907 Bud Fisher anayambitsa ku San Francisco katuni yomwe inadzatchedwa Mutt and Jeff, yoyamba kukhazikika ngati ya tsiku ndi tsiku. Posakhalitsa kunabadwa makampani ogulitsa makatuni kwa manyuzipepala ambiri nthawi imodzi, monga King Features Syndicate ya mu 1915. Apa m'pamene pagona chifukwa chomwe makatuni akunja anadzadzira m'manyuzipepala a Chingerezi a ku South Africa: katuni imodzi ikagulitsidwa kwa manyuzipepala mazanamazana, mkonzi aliyense amalipira ndalama yochepa, pomwe wojambula wa m'dziko momwemo amafunika malipiro okwana mwezi. Choncho owerenga anazolowerana ndi Blondie ya mu 1930, The Phantom ya mu 1936, Andy Capp ya Reg Smythe yomwe inayamba mu Daily Mirror ya ku Britain mu 1957, Hägar the Horrible ya mu 1973 ndi Garfield ya mu 1978.

Kukoma kwake kuli pati

Munthu akaona katuni yotere koyamba, kawirikawiri saseka. Tengani Andy Capp. Mlendo amangoona bambo wovala kapu yophimba maso atagona pasofa, mkazi wake Flo akumukalipira, basi. Kuseka kumayamba pakapita masabata, wowerenga atadziwa kuti bamboyu ndi mlesi wotheratu, kuti ya lendi sanalipire, kuti ndalama ya Flo imathera kumowa, ndi kuti chilichonse chimene anganame chimutembenukira m'bokosi lomaliza. Zikafika apo wojambula safunikanso kulongosola. Akangojambula wotolera lendi ali pakhomo, wowerenga wayamba kale kumwetulira. Katuni ya tsiku ndi tsiku ili ngati mnansi amene mumapatsana naye moni m'mawa uliwonse: nkhani zake n'zomwezija, koma akasowa tsiku limodzi mtima umakhala m'malere.

Luso lake lili pa kayalidwe ka timabokosi. Koyamba kamaonetsa malo ndi vuto. Kachiwiri kamakokera wowerenga mbali imodzi, kuti aziganiza kuti akudziwa kumene nkhani ikulowera. Komaliza kamamutembenuza. Ojambula odziwa ntchito amakonda kusiya kabokosi kamodzi pakati kopanda mawu, anthu awiri akungoyang'anizana, ndipo nthawi zambiri kuseka kumabadwira m'kachetechete ameneyo. Palinso zizindikiro zomwe aliyense amazimva popanda kuphunzitsidwa: madontho a thukuta ouluka pamutu wa munthu wamantha, tinyenyezi tozungulira amene wamenyedwa, timizere tosonyeza liwiro, zilembo zikuluzikulu zakuda pamene munthu akukuwa. Zonsezi zimawerengedwa mphindi imodzi isanathe, ndipo n'chifukwa chake makatuni amayenerana ndi moyo wa munthu wa pa minibasi.

Kufupika kumeneku kumabisa thukuta la wojambula. Charles Schulz anajambula yekha Peanuts kuyambira pa 2 Okutobala 1950 mpaka pa 13 Febuluwale 2000, makatuni 17,897, ndipo pachimake ankatuluka m'manyuzipepala oposa 2,600. Kupeza nthabwala yatsopano tsiku lililonse kwa anthu omwewomwewo, osawasintha khalidwe komanso osatopetsa owerenga, ndi ntchito imene olemba ambiri a mabuku sangaipirire.

Munthu wakuda alowa m'kabokosi

Durban ndi mzinda wa manyuzipepala akale. The Mercury inayamba mu 1852, ndipo Daily News mizu yake imafika ku 1878. Ku Daily News n'kumene Jock Leyden, wobadwira ku Scotland mu 1908, anajambula kwa zaka makumi angapo mpaka kukhala dzina lodziwika m'chigawo chonse cha Natal. Koma manyuzipepalawa ankalembedwera azungu. Munthu wakuda akaoneka m'zojambula za nthawi imeneyo, kawirikawiri ankakhala wantchito wa m'khitchini kapena wa m'munda wamaluwa, wongoima kumbuyo.

Zinayamba kusintha ndi magazini ndi manyuzipepala olembedwera anthu akuda. Mu 1959 Len Sak anayambitsa Jojo m'magazini ya Drum. Jojo anali bambo wonenepa wa m'tawuni ya anthu akuda, wokonda kuseka ndi kupereka malangizo, ndipo anapitirira kutuluka mu The World, kenako mu Sowetan. Wojambulayo anali mzungu, komabe owerenga anamulandira Jojo ngati wawo, chifukwa misewu, zovala ndi mavuto a m'katuniyo anali awo. The World inatsekedwa ndi boma pa 19 Okutobala 1977, mkonzi wake Percy Qoboza n'kutsekeredwa.

Boma la tsankho nalo linaona mphamvu ya zojambula. Mu 1975 kunatuluka Mighty Man, kabuku ka makatuni ka ngwazi yachikuda yolimbana ndi zigawenga za m'matawuni, yosanenapo kanthu za chitupa, apolisi kapena kusamutsidwa kwa anthu mokakamiza. Ndalama zake zinkachokera mwachinsinsi ku dipatimenti ya boma yofalitsa nkhani. Owerenga sanapusitsike nthawi yaitali. Zipolowe za ku Soweto za mu 1976 zitabuka, malo ogulitsira timabukuti anatenthedwa, ndipo Mighty Man anazimirira. Nkhani imeneyi ndi yofunika kuikumbukira: kujambula nkhope yakuda pakokha sikukwanira, owerenga amafuna kumva kuti wojambulayo akudziwa chomwe chikuwapweteka.

Amene anachidziwa bwino ndi Mogorosi Motshumi, wobadwira ku Bloemfontein mu 1955. M'zaka za m'ma 1980 ankajambula Sloppy m'magazini ya Learn and Teach, yolembedwa m'Chingerezi chosavuta kaamba ka akuluakulu ophunzira kuwerenga. Sloppy anali munthu wamba wa m'tawuni, wosowa ntchito yokhazikika, wokhalira kusakasaka ya ufa. Poyamba Motshumi ankagwira ntchitoyi ndi Andy Mason, wojambula wa ku Durban amene mu 2010 anatulutsa buku la mbiri ya makatuni a ku South Africa lotchedwa What's So Funny? Mu 2016 Motshumi anatulutsa The Initiation, mbiri ya moyo wake yojambula. Ku Durban komweko Nanda Soobben, mmodzi mwa ojambula oyamba osakhala azungu kukhala ndi malo okhazikika m'nyuzipepala, ankajambulira Post, ndipo mu 1994 anatsegula sukulu ya zojambulajambula yotchedwa Centre for Fine Art, Animation and Design.

Madam & Eve

Katuni ya tsiku ndi tsiku yotchuka kuposa zonse zobadwira ku South Africa ndi Madam & Eve, yomwe Stephen Francis, Harry Dugmore ndi Rico Schacherl anayambitsa mu 1992 mu Weekly Mail, kutatsala zaka ziwiri kuti chisankho choyamba cha anthu onse chichitike. Ndi nkhani ya adona achizungu, Gwen Anderson, ndi wantchito wawo wa m'nyumba, Eve Sisulu. Inafalikira m'manyuzipepala angapo, imatuluka m'mabuku chaka ndi chaka, ndipo mu 2000 inasanduka sewero la pa e.tv.

Nthabwala zake zimabwerezedwa dala. Eve amapempha kuti amukwezere malipiro, adona amazemba. Eve amapuma masana atagona pathebulo lositira zovala. Amatsegula timabizinesi take pakhomo la abwana, n'kumagulitsa chilichonse chomwe nkhani za sabata imeneyo zapangitsa kuti chifunike. Mayi a adonawo, gogo wokonda kachasu wachizungu, amasungira legeni mayi wogulitsa chimanga amene amadutsa mumsewu akukuwa malonda ake. Kamtsikana kotchedwa Thandi kamakhala pambali pa gogoyo n'kumafunsa mafunso amene akuluakulu amachita nawo manyazi. M'nyumba imodziyi olemba analowetsamo dziko lonse: zisankho, katangale, umbava, kuzimazima kwa magetsi.

Kwa owerenga a ku Clermont nkhaniyi si yachilendo ngakhale pang'ono. Amayi ambiri a m'tawuniyi akhala akugwira ntchito m'nyumba za ku Westville, Pinetown ndi Kloof, ndipo mkangano wa malipiro umene Eve amauseketsa ndi weniweni. Malipiro ochepetsetsa a antchito a m'nyumba anakhazikitsidwa ndi lamulo mu 2002. Pamene malipiro ochepetsetsa a dziko lonse ankayamba mu 2019 pa R20 pa ola, antchito a m'nyumba anawaikira R15, ndipo anawafananitsa ndi anzawo mu Malichi 2022, pa R23.19. Mphamvu ya katuniyi ndi yakuti wanzeru m'nyumbamo ndi Eve. Iye ndiye amaona zinthu msanga, iye ndiye amakhala ndi mawu omaliza, ndipo mayi amene watha tsiku lonse akuyankha kuti inde adona amapeza mpumulo poona wina akuyankha zomwe iye wazimeza.

Pali pomwe imaperewera, ndipo n'koyenera kunena. Nkhani zake zambiri zimachitikira m'nyumba ya adona. Ulendo wa m'bandakucha, mzere wa pasiteji, ana osiyidwa ndi agogo awo, chipinda cha lendi chodontha, zonsezi zimakhala kunja kwa kabokosi. Komanso ndi ya m'Chingerezi, ndipo ogula ambiri a manyuzipepala amene inkatulukamo anali a mbali ya adona. Ena amati inathandiza mabwana kudziseka okha, ena amati inafewetsa ubale umene pansi pake ndi wowawa. Zonse ziwiri n'zoona.

Pa makatuni a ndale dzina lalikulu ndi Zapiro, Jonathan Shapiro, wobadwa mu 1958, amene anayamba kujambulira United Democratic Front mu 1983 ndipo anatsekeredwa mu 1988. Utatha mlandu wa Jacob Zuma wa mu 2006, anayamba kumujambula ndi shawa pamutu, chizindikiro chobwerezedwa mpaka dziko lonse linachizolowera. Zuma anamusumira chifukwa cha katuni ya mu Sunday Times ya mu Sepitembala 2008, koma anauchotsa mlanduwo mu Okutobala 2012. Ku KwaZulu-Natal, kwawo kwa Zuma, zojambulazi zinkagawa anthu, ena akuseka, ena akuti n'kunyoza munthu wamkulu.

Kuseka m'Chizulu

Chinenero cha pakhomo ku Clermont ndi Chizulu, ndipo manyuzipepala a Chizulu ali ndi mbiri yaitali. John Langalibalele Dube, amene anadzakhala mtsogoleri woyamba wa chipani chomwe lero ndi ANC, anayambitsa Ilanga lase Natal mu 1903. Akatolika a ku Mariannhill, kufupi ndi Pinetown, ankasindikiza UmAfrika. Koma kusintha kwakukulu kunadza mu 2002, pamene Isolezwe inayamba kutuluka tsiku ndi tsiku m'Chizulu cha m'tawuni, chomwe anthu amalankhula pa minibasi. Pasanathe zaka khumi inkagulitsa makope oposa 100,000 patsiku, kuposa manyuzipepala a Chingerezi a mumzindawo. Qaps Mngadi ndi wojambula amene owerenga Isolezwe anamuzolowera.

Nthabwala ya m'chinenero chobadwa nacho imafika pena pomwe ya m'Chingerezi singafike. Imagwiritsa ntchito miyambi, maina aulemu, kalankhulidwe ka kondakitala ndi ka m'busa, ndipo wowerenga amazindikira munthu wojambulidwayo asanamalize chiganizo. Limeneli ndi gawo la makatuni a ku South Africa limene olemba mbiri sanalipatse malo okwanira, chikhalirecho ndi limene linafika m'manja mwa anthu wamba ochuluka.

Ana ndi achinyamata anali ndi zawo. Supa Strikas, nthano ya timu ya mpira ndi wosewera wake Shakes, inayamba mu 2000 ngati kabuku kolowetsedwa m'nyuzipepala, ndipo inadzafika m'maiko ambiri ndi pa wailesi yakanema. Ku Clermont, tawuni imene bwalo lake la mpira linatchedwa dzina la katswiri Sugar Ray Xulu, kabuku kotere sikakanasowa owerenga. Mmodzi mwa amene anajambulapo Supa Strikas, Loyiso Mkize, anayambitsa mu 2014 Kwezi, nthano ya mnyamata wa mumzinda wokhala ndi mphamvu zodabwitsa.

Amalawi a ku Durban

Amalawi amene amapita ku Joni amanyamuka akudziwa kale kukoma kwa makatuni. Kwathu kunatchuka Pewani ndi Zabweka a Brian Hara, Joza wa Vic Kasinja, ndi Amtchona a James Kazembe. M'nthawi ya chipani chimodzi ojambula ankakhalira nkhani za m'banja, za mowa ndi za kuchenjeretsana m'tawuni, chifukwa kujambula mtsogoleri monyoza kukanawaika m'mavuto. Kuyambira 1992, makamaka pozungulira riferendamu ya pa 14 Juni 1993, kunabuka manyuzipepala atsopano ambirimbiri, ndipo kwa nthawi yoyamba Amalawi anaona atsogoleri awo atajambulidwa moseketsa.

Ku Durban ndi madera ozungulira kuli Amalawi ambiri, ena osoka zovala, ena ogwira ntchito m'masitolo, m'nyumba ndi m'minda yamaluwa. Kwa iwo Madam & Eve safuna womasulira. Katuni ya m'Chizulu nayo imathandiza mlendo m'njira imene nkhani yaitali singathe: chithunzi chimanyamula theka la tanthauzo, mawu ndi ochepa, ndipo ndi mawu a mumsewu, amene munthu akawamve mawa lake kwa dalaivala kapena kwa mwini nyumba. Kudziwa chimene eni dziko akuseka sabata imeneyo kumathandizanso kudziwa mmene mitima yawo ilili. Pa nthawi ya ziwawa zochitira alendo ku Durban, mu Epulo 2015 ndi mu Malichi 2019, pomwe Amalawi ambiri anathawa m'nyumba zawo ndipo ena anabwerera kumudzi, ojambula angapo a ku South Africa anadzudzula nkhanzazo poyera m'zojambula zawo.

Mmene zilili tsopano

Manyuzipepala osindikizidwa akuchepa mphamvu. Makope ogulitsidwa atsika kwambiri, masamba achepa, ndipo mkonzi akafuna kupulumutsa ndalama, tsamba la makatuni ndi limodzi mwa oyamba kudulidwa. Mu Disembala 2024 kampani ya Media24 inasiya kusindikiza pa pepala Daily Sun ndi City Press pamodzi ndi Beeld ndi Rapport. Ojambula otchuka anasamukira pa intaneti. Zapiro wakhala akujambulira Daily Maverick kuyambira 2017, ndipo Madam & Eve imapezeka pa Facebook ndi masamba ena.

Owerenga a ku Clermont tsopano amalandira makatuni ambiri pafoni, wina atawatumiza pa gulu la WhatsApp la mpingo, la kuntchito kapena la abale. Amafika msanga ndiponso kutali, koma amafika amodziamodzi, osatsatana, ndipo chizolowezi chokumana ndi anthu omwewo m'mawa uliwonse, chomwe ndicho chinkabala kuseka, chimasokonekera. Nthawi zina dzina la wojambula limakhala litadulidwa, ndipo pa anthu zikwizikwi amene aseka, iye salandirapo kanthu. Zapiro ndi olemba Madam & Eve ali ndi mabuku a chaka ndi chaka owasungira ntchito yawo ndi kuwabweretsera ndalama. Kwa ojambula a m'Chizulu, monganso anzawo a m'Chichewa, mwayi wotere ndi wosowa, ndipo ntchito yawo yochuluka ikadali m'manyuzipepala akale osungidwa m'malaibulale, kudikira woisonkhanitsa n'kuisindikiza m'buku.